Filiji ya Che Amidu

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, ana anga, musanaumve kwa amayi anu, chifukwa iwo akamafotokoza amathira ndi tsabola yemwe. Kwa zaka zambirimbiri ndinkakhulupirira kuti njala ya munthu imaonekera kumapazi. Ndinkati wovala nsapato yabwino sangagone osadya, ndipo ngati akupempha chakudya ndiye kuti ndi waulesi kapena kamberembere. Sindinkangoganiza chamumtima ayi. Ndinkalalikira ndithu, m'kombi, minibasi zathu zija, pamaliro, pamzere wa madzi. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, koma pa nkhani ya nsapato ndinali pulofesa.

Ndalemba m'Chichewa dala. Inu obadwira ku Mabvuku, amene ndikati "mwadzuka bwanji" mumandiyankha m'Chishona, muvutikeko pang'ono. Mukamaliza mudziwa chifukwa chake m'nyumba mwathu muli filiji imene sinaziziritsepo ngakhale kapu ya madzi.

M'zaka za m'ma 1980, pafamu ya fodya

Ntchito yanga yoyamba inali yogawa phoso pafamu ina cha ku Marondera, pomwe agogo anu anafikira atachoka ku Dedza wapansi. Anandisankha chifukwa ndinkatha kuwerenga mayina osachita chibwibwi. Lachisanu lililonse ndinkakhala pakhomo pa shedi ndi chitini cha mafuta chodulidwa pakati, n'kumayezera anthu ufa, nyemba, matemba ndi mchere. Mzungu wa pafamupo tinkamutchula kuti Chipewa, chifukwa chipewa chake sitinachionepo chitachoka pamutu. Iyeyo sankandivutitsa. Wondivutitsa anali kapitawo, Bambo Zuze, munthu wamfupi wa mawu ngati bingu.

Nyengo yothyola fodya aganyu ankachuluka, ndipo anthu ena osagwira ntchito pafamupo ankalowerera pamzere. Tsiku lina ufa unatha mzere usanathe. Bambo Zuze anandikokera kuseri kwa shedi.

"Iwe mwana wa Phiri, ukamagawa umayang'ana pati?"

"Kumaso, bambo."

"Ndiwe wopusa. Nkhope aliyense amatha kuikwinya. Uziyang'ana pansi. Wa m'munda mapazi ake ndi ong'aluka, ali ndi dothi lofiira mpaka m'zikhadabo. Ukaona nsapato, ameneyo wabwera kudzaba."

Lachisanu lotsatira ndinagwira anthu anayi ndi nzeru imeneyi, ndipo mmodzi anali mlamu wake wa Bambo Zuze yemweyo. Kapitawo anatukwana, Chipewa anaseka mpaka kukhosomola, ine ndinakwezedwa n'kupatsidwa makiyi a shedi. Muone tsono, nzeruyo pafamupo inkagwiradi ntchito. Kulakwa kwanga kunali kuinyamula n'kupita nayo kulikonse ngati chitupa.

Pafamu pomwepo ndinakwatira amayi anu. Mphatso yanga yoyamba kwa iwo inali nsapato zakuda za lamba. Ndinawauza kuti, "Mkazi wanga sadzaoneka ngati wopempha." Anangondiyang'ana. Kuyang'ana kuja mumakudziwa.

Kuchokera 2002 mpaka 2008, Hopley ndi Mabvuku

Mafamu atalandidwa, Chipewa anapita ndi chipewa chake, ife tinauzidwa kuti tizipita kwathu. Kwathu kuti? Dedza ndinkangoimva m'nyimbo za agogo anu akaledzera. Tinafikira ku Hopley m'kanyumba ka mapepala apulasitiki, kenako tinapeza chipinda ku Mabvuku. Apa mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona njala ya anthu athu. Mnzathu wa Chishona zikamuvuta m'tauni amatumiza uthenga kumusha, kumudzi kwawo, ndipo thumba la chimanga limabwera pa basi. Ife kumusha tilibe. Munda wathu ndi m'thumba mwa buluku. Ukangolephera kutuluka tsiku limodzi, munda wauma.

Ndinakankha ngolo kumsika waukulu wa Mbare Musika zaka zitatu, kunyamulira amayi tomato ndi kabichi, mpaka msana unandiuza kuti tisiyane bwino. Kenako ndinapeza ulonda pasitolo ina yayikulu m'tauni. Chaka cha 2008 chinandipeza pamenepo, ndikulondera mashelefu opanda kanthu. Ndikunena zoona: makoswe anasiya ntchito pasitolopo ine ndisanasiye. Wakuba wina analowa masana, anayang'ana uku ndi uku, n'kundifunsa ngati ndili ndi fodya woti ndimugawireko. Malipiro ankati ukalandira m'mawa, pofika madzulo asanduka mapepala okolezera moto.

Koma m'nyumba mwanga tinkadya. Pang'ono, koma tinkadya. Masiku ena pambale pankabwera tirigu wina wachilendo wophwanyaphwanya, amayi anu n'kunena kuti awapatsa amayi ena amene amawachapira zovala. Ine ndinkadziguguda pachifuwa pamaso pa anansi: "Banja la Phiri silinaimepo pamzere wa chakudya chaulere, ndipo silidzaimapo." Nthawi yomweyo ndinapeza pansi pa bedi mapatapata akale oduka, omangidwa ndi waya, limodzi lobiriwira lina lofiira. Ndinakawataya kudzala. Amayi anu anakawatola, anawatsuka, ndipo masiku awiri sanandilankhule. Ndinangoti akazi ali ndi zawo.

Zaka za ku holo ya tchalitchi

Zinthu zitakhazikikako, mpingo wathu unatsegula malo ogawira chakudya kuholo, mothandizidwa ndi anthu ena akufuna kwabwino a m'tauni ndi akunja. Ankati ndi banki ya chakudya. Ine ndinati banki yotani imene munthu amatapa asanaikemo kanthu, koma atandipatsa makiyi ndinasiya kuseka. Bwana wanga anali Mai Marufu, namwino wopuma ntchito, mayi wa Chishona wamtali wosakonda kubwereza mawu. Anandilemba chifukwa ndinagawapo phoso, komanso chifukwa nkhalamba zathu zambiri zikafuna kudandaula bwinobwino zimadandaula m'Chichewa.

Mwezi uliwonse banja lolembedwa linkalandira ufa, botolo la mafuta, nyemba kapena soya, ndi mchere. Ntchito yanga inali ya pageti, ya makiyi, ndi yoyendera nyumba za ofuna kulembedwa. Eni thandizo anatipatsa fomu ya mafunso. Muli anthu angati? Alipo wa pantchito? Muli wailesi yakanema? Muli filiji? Nyumba ya filiji sinkalembedwa. Fomuyo ndinkaikonda, kungoti inaiwala funso la nsapato, choncho ndinkalifunsa ndekha ndi maso.

Anthu amene ankabwera ndinkawadziwa. Agogo olera ana a ana awo amene anamwalira kapena anapita ku Joni osatumiza kanthu. Abambo a m'mafakitale otsekedwa, amene penshoni yawo inapita ndi ndalama zakale zija. Amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu amene katundu wawo walandidwa kawiri mwezi umodzi. Odwala a mapiritsi osamwa m'mimba muli mbee. Ndiye ku Mabvuku kuno, kumene mpopi ndi chokongoletsa nyumba, munthu amayamba wagula madzi asanaganize za ndiwo. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa, komabe ndikaona nsapato yowala mtima wanga unkatseka geti. Mai Marufu, amene ankanditchula Sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona, anandichenjezapo.

"Sekuru Phiri, maso anu azikwerako m'mwamba nthawi zina. Munthu sathera m'akakolo."

"Mai, ine ntchito imeneyi ndinaiyamba inu mukuphunzira kubaya jekeseni pa lalanje."

Anapukusa mutu n'kupita.

Chaka cha 2020

Matenda a korona atabwera, tonse tinatsekeredwa m'nyumba. Makombi anaima, misika inatsekedwa, ndipo munda wa m'thumba uja unauma tauni yonse tsiku limodzi. Mzere wa kuholo unakhota mpaka kuseri kwa mpanda. Aliyense anali atatseka kukamwa ndi mphuno ndi kansalu, ndiye ine ndinati onani, ngakhale boma lavomereza kuti nkhope ilibe ntchito, atsala ndi mapazi.

Lachiwiri lina ndikuyenda pamzere ndinaona nsapato zachikopa zofiirira, zopolishidwa moti ndinadziona ndevu. Pamwamba pake panali suti yotuwa, tayi, ndi kachipewa koyera ka Asilamu. Mdala wowonda, woima chilili ngati msilikali.

"Bwana," ndinatero mokweza kuti mzere wonse umve, "mwasochera. Banki yanu ili m'tauni. Ino ndi ya anthu osauka."

Anthu anaseka. Mdalayo anayankha m'Chichewa cha Chiyao, motsitsa mawu. "Ndabwera kudzalembetsa, achimwene. Dzina langa ndine Amidu."

"Che Amidu, nsapato zimenezo zokha zingadyetse mzere wonsewu sabata. Galimoto mwaimika pati?"

Anthu anasekanso, ine kumva kukoma. Iye anandiyang'ana kanthawi, anakonza tayi, anati "Zikomo," n'kutembenuka. Ankayenda mokoka mapazi, ndipo ndinati ndi matama.

Lachisanu amayi anu anabwera kuchokera kuchibhorani, kumjigo kumene timatunga madzi, chidebe chili chopanda kanthu. Anachiponya pakati pa nyumba.

"Bambo a Rute, Lachiwiri munathamangitsa ndani pageti?"

"Ndimathamangitsa ambiri, ndi ntchito yanga."

"Mkazi wa Che Amidu wagwa pamzere wa madzi. Ali ndi shuga, akumwa mapiritsi ndi madzi otentha basi. Lero ndi tsiku lachitatu. Valani, muzipita."

Ndinapita ndi fomu m'manja, mtima ukali wouma. Ankakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni. Pakhomo panali nsapato zija, pakuti kwa Asilamu nsapato zimatsala panja. Ndikuvula zanga ndinagunda imodzi, ndipo munatuluka chimpukutu cha nyuzipepala. Ndinainyamula. Inali nsapato ya chimunthu chachikulu, moti phazi la Che Amidu likanalowamo ndi linzake.

"Za bwana wanga," anatero ali pakhomo, atavala malaya ong'ambika pakhosi. "Ndinawaphikira zaka makumi anayi kumayadi. Popita kwawo kunja anandisiyira suti, nsapato ndi filiji. Penshoni yanga ndi imeneyo. Lowani muione."

Filiji inali pakona, yoyera, yaitali kundiposa. Magetsi m'nyumbamo anadulidwa kalekale. Anaitsegula. Munali paketi ya mchere, mapiritsi a mayi, ndi thumba la ufa lopindidwa bwino, lopanda ufa. Ankasungiramo zinthu kuopa makoswe. Amene ankawadyetsa anali mwana wawo wamkazi wogulitsa tomato wa ku Mbare, ndipo tsopano analibe njira yokafikira ku Mbareko.

"Nanga munavaliranji suti pobwera kuholo?" ndinafunsa, ndikufunabe kuti mlandu ukhale wake.

"Achimwene, kwathu, ndi kwanu komwe, munthu akamapita kukapempha amasamba, n'kuvala chabwino chimene ali nacho, kulemekeza amene akukamupemphayo. Ndinavalira inu. Bambo anu sanakuphunzitseni?"

Anandiphunzitsa. Ndinakumbukira agogo anu atavala jekete lawo limodzi lija, dzuwa likuswa mtengo, kupita kwa Chipewa kukapempha matabwa a bokosi la mlongo wanga. Ndinakhala pansi osauzidwa.

Tsono vuto linali fomu. Lolemba lotsatira Mai Marufu ankayenera kubwera ndi munthu wa ku ofesi ya eni thandizo kudzaona nyumba za olembedwa atsopano. Akaona filiji, basi. Kuigulitsa sikukanatheka, ndani akanagula filiji yakufa nthawi imeneyo? Ndinaganiza mwa Phiri. Pafunso la filiji ndinalemba kuti mulibe, ndinasaina, ndinakabwereka ngolo, ndipo Loweruka masana ndinaikweza filijiyo n'kuikankha kupita kwathu. Che Amidu anakana kawiri, koma mayi atabuula kuchipinda anasiya kukana.

Chimene ndinaiwala n'chakuti anthu otsekeredwa m'nyumba ntchito yawo ndi windo. Mabvuku yense anaona wosunga makiyi a chakudya cha amphawi akukankha filiji kupita kwake, chaka cha njala, akutuluka thukuta ngati wakuba. Lolemba Che Amidu analembedwa bwinobwino, analandira ufa ndi mafuta. Lachitatu ine ndinaitanidwa ndi komiti.

Mipando anaiika motalikirana m'holo, wanga pakati. Bambo wina wa komiti, wa magalasi, amene ndinamuseka kale chifukwa cha nsapato zake zosongoka, ndiye anayamba.

"Sekuru, tiuzeni. Matumba angati a ufa amagula filiji?"

"Zimatengera filijiyo, mwanawe."

Palibe anaseka. Mai Marufu anati, "Sekuru Phiri, ndikufunsani kamodzi. Mwaitenga kuti?"

Ana anga, pamoyo wanga wonse wa ntchito sindinavutikepo ngati mphindi imeneyo. Ndikanena zoona, fomu ya Che Amidu ikhala yabodza, dzina lake lifufutidwa, ndipo mdala amene ndinamuchititsa kale manyazi pageti achitanso manyazi kachiwiri chifukwa cha ine. Ndikakhala chete, ndine Phiri wakuba ufa wa amasiye, ndipo inu mudzayenda ndi dzina limenelo mpaka kumanda. Ndinaganiza za mayi uja wagwa pamjigo. Ndinatulutsa makiyi n'kuwaika patebulo.

"Sindinabe kanthu, Mai. Kawerengeni matumba. Koma kumene yachokera filiji sindinena."

Ine wolongolola, amene abusa amandiopa pamaliro, ndinatseka pakamwa. Ndikufuna zimenezi muzidzauza adzukulu, chifukwa sizinachitikenso.

Pamenepo pakhomo panamveka kukoka kwa mapazi. Amayi anu anali atapita kukamuuza, ine osadziwa. Che Amidu anafika mu suti ndi tayi. Anavula nsapato pakhomo la holo monga achitira kumzikiti, nyuzipepala zija n'kugwera pansi anthu onse akuona, ndipo analowa ndi masokosi.

"Filiji ndi yanga," anatero. "Bamboyu ndi wamwano, koma si wakuba. Ngati lamulo lanu likuti wa filiji asadye, ufa wanu ndaubweretsa, uli panjapo. Tadyako kawiri, mutikhululukire."

Mai Marufu ananyamuka, anatenga chikwama chake, n'kuti tonse tipite kwathu akaione. Anaitsegula, analowetsamo mutu, anagwira chingwe chake chodyedwa ndi makoswe. Kenako anatenga fomu yatsopano. Pafunso la filiji analemba kuti ilipo, ndipo m'munsi mwake analemba mizere yambiri m'Chingerezi, cholembera chikuchita kuboola pepala.

"A ku ofesi ndikalimbana nawo ndekha," anatero. "Baba Amidu, nyamulani ufa wanu muzipita, dzina lanu silichoka. Koma inu, Sekuru Phiri, munasaina bodza. Makiyi sindingakubwezereni."

"Ndamva, Mai."

"Mukanabwera kwa ine Lachisanu lomwelo, tikanalemba zimene ndalembazi."

"Ndikanabwera bwanji, Mai, kudzakuuzani kuti munkanena zoona? Ndi ukalamba uno?"

Anaseka, koyamba pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito. Makiyi sanabwezebe. Ndi mmene ndinapumira ntchito, ndipo sindidandaula. Ndinamva kuti chaka chotsatira fomu inabwera ndi funso lina lofunsa ngati filijiyo ikugwira ntchito. Sindikunena kuti ndi chifukwa cha ine, koma mukafuna kunena choncho sindikuletsani. Filiji ndinafuna kuibweza, Che Amidu anakana. "Yandimanitsa chakudya kamodzi," anatero, "isadzabwerenso." Ndi imene amayi anu amasungiramo nsapato.

Madzulo a tsiku la komiti lija tinakhala pakhonde, magetsi atapita monga mwa masiku onse. Ndinafuna kudzitonthoza, ndiye ndinati, "Amake Rute, ntchito yatha, koma chimodzi ndinyadirabe. Banja la Phiri silinaimepo pamzere."

Analowa m'nyumba, ndinamva chitseko cha filiji, ndipo anatuluka ndi mapatapata aja, lobiriwira ndi lofiira. Anawaika pamiyendo panga.

"Tirigu uja munkadya mu 2008, mumati ndinkachapira ndani, anthu opanda ngakhale sopo? Ndinkaima pamzere kudera loyandikana nafe la Tafara kawiri pamwezi, Rute ali kumsana. Nsapato zanu za lamba ndinkazisiya kwa anansi n'kuvala awa, chifukwa ndinkadziwa kuti pageti paliponse amaikapo chitsiru chonga inu."